M'bale wodwala mutu akamangidwa: momwe mungamuchotsere m'chitolokosi n'kumufikitsa kuchipatala

Kuno ku Dedza, munthu amene mutu wake wasokonekera kawirikawiri amayamba wagona kupolisi asanaonane ndi dokotala. Wagenda galasi la minibasi pa Linthipe, watola mandasi a eni ake pamsika wa Bembeke n'kumadya akuseka, wavula zovala padepoti, kapena wathamangitsa mayi ake ndi chikwanje pakati pa usiku. Anthu amamugwira, ena kumuponda kumene, kenako ulendo wa kupolisi. Kuyambira pamenepo nkhani ikhoza kuthera kundende, ikhozanso kuthera kuchipatala. Malamulo athu amalola kuti ithere kuchipatala, koma sizichitika zokha. Pamafunika m'bale woti ayende, alankhule msanga, ndipo anyamule mapepala oyenera.

Ndagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo m'midzi ya kwa Kamenyagwaza mpaka kupuma, ndipo pano ndili m'komiti ya chitetezo cha m'mudzi. N'chifukwa chake zoterezi zikachitika anthu amadzagogoda kwathu m'bandakucha. Zimene ndimawauza titakhala pakhonde ndi zomwe ndalemba pano. Kumayiko ena kuli makhoti apadera a anthu ogwidwa chifukwa cha mankhwala ozunguza bongo. Loyamba linatsegulidwa ku Miami, ku America, mu 1989, ndipo woweruza amatumiza munthu kukalandira chithandizo n'kumamulondoloza yekha. Kwathu kuno khoti lotere kulibe. Kulondolozako ndi ntchito ya abale.

Ndiyambe ndi mawu amene ena sakondwera nawo. Ambiri mwa odwala amene ndawapezapo m'chitolokosi anawapititsako ndi abale awo omwe. Banja latopa, usiku ungapo osaona tulo, ndiye atsibweni amadula mlandu: "Kamusiyeni kupolisi akakhauleko, abwerako atawongoka." Sindiwanena, chifukwa kutopako ndi kwenikweni. Koma munthu amene akumva mawu m'mutu mwake sawongoka ndi simenti yozizira. Ndiponso mukangopereka dandaulo loti wakumenyani kapena waphwanya katundu, apolisi amatsegula fayilo, ndipo fayilo ikatsegulidwa nkhani imachoka m'manja mwanu. Ngati mukufuna mphamvu za apolisi, pitani ku ofesi yawo yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza ndi a mavuto a m'banja, ya Victim Support Unit, mukanene kuti, "Tili ndi wodwala, wativuta, tithandizeni kumufikitsa kuchipatala." Mawu ake akhale amenewo. Galimoto ya polisi sipezeka nthawi zonse, choncho konzekerani kupeza mayendedwe nokha, iwo angokupatsani wokuperekezani.

Pomugwira, pezani amuna anayi kapena asanu odekha mtima, osati achinyamata ofuna kuonetsa mphamvu. Wolankhula naye akhale mmodzi, amene iye amamumvera. Chotsani kaye mipeni, makasu ndi ana pamalopo. Ngati palibe kuchitira mwina koma kumumanga, mangani ndi chitenje, osati waya kapena chingwe cha nayiloni. Musamugoneke chafufumimba n'kumukhalira pamsana, munthu amabanika n'kufera m'manja mwanu.

Tsiku loyamba

Tinene kuti wagwidwa kale. Pitani tsiku lomwelo, musadikire kuti muyambe mwasonkhana banja lonse. Chinthu choyamba kunyamula ndi buku lake la kuchipatala, ngakhale lithe bwanji, ngakhale makoswe adye ngodya. Onjezerani timapepala ta mankhwala amene amamwa, ngakhale tatha, chifukwa pamwamba pamalembedwa dzina la mankhwalawo. Tengani chiphaso chanu cha unzika ndi chake, chakudya, ndi juzi. Amene anagonapo pasimenti mu June kuno ku Dedza akudziwa chifukwa chake. Podutsa pa boma, jambulitsani masamba ofunika a bukulo makope atatu. Buku lenileni muzingolionetsa, osalisiya kwa munthu aliyense.

Tsiku lina ndinaperekeza mayi wina wa m'mudzi woyandikana nafe. Atafika pakauntala anagwada, akulira, mawu osamveka. Wapolisi anangoti adikire panja. Titalowanso ndinawauza kuti atulutse buku m'chikwama.

"Bwana, mnyamata munamutenga dzulo pamsika uja ndi mwana wanga. Amadwala mutu, amabayitsa jakisoni mwezi ndi mwezi. Buku lake ndi ili."

Wapolisi uja anatsegula masamba mmodzimmodzi, chala chikutsata madeti. Anaima pa tsamba lomaliza.

"Nanga miyezi iwiri yapitayi bwanji palibe cholembedwa, mayi?"

"Anakana kupita, bwana. Amati wachira."

"Ndiye inu mumangomuyang'ana?"

Mayi aja anangowerama. Koma wapolisiyo anakoka buku lawo lalikulu lolembamo zochitika papolisi, lotchedwa OB, n'kulemba kuti womangidwayo ndi wodwala ndipo ali pa mankhwala. Kenako anatumiza uthenga kwa wofufuza mlanduwo. Masana omwewo mnyamatayo anali pa benchi ya kuchipatala, ali ndi unyolo kumanja, koma ali kuchipatala.

Zofunsa kupolisi n'zochepa. Funsani dzina la mlandu umene akumuganizira, ndi dzina la wapolisi amene akufufuza. Pemphani kuti za matendawo zilembedwe mu OB. Pemphaninso kuti asamutenge sitetimenti akadali wosokonekera, chifukwa munthu wotero amavomera ngakhale mbuzi imene sanaione. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa womangidwa ufulu wokhala chete, woonana ndi loya, ndiponso wolandira chithandizo cha mankhwala boma likulipira. Limanenanso kuti afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito, amadikira tsiku lotsatira la khoti, ndiye wogwidwa Lachisanu akhoza kukhalamo mpaka Lolemba. Nenani zimenezi mwaulemu. Wolowa kupolisi akutukumula malamulo ngati wabwera kudzaphunzitsa anthu ntchito amabwerera chimanjamanja.

Mvetserani bwino dzina la mlanduwo. Kale odwala ambiri ankatoleredwa pa vakabu chifukwa chongopezeka akuyenda usiku. Mu January 2017 khoti lalikulu, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anagwidwa akulawirira kumsika ku Limbe, linagamula kuti ndime ya vakabu imene ankamangira anthu mwa njira imeneyi ikutsutsana ndi malamulo aakulu. Choncho ngati cholakwa chake n'kungoyenda usiku akulankhula yekha, funsani modekha kuti wapalamula chiyani kwenikweni.

Pa milandu ing'onoing'ono apolisi akhoza kupereka belo, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Amafuna anthu omuimira, okhala ndi ziphaso ndi malo odziwika. Wina akakunong'onezani za kangachepe, pemphani kuonana ndi mkulu wa polisiyo. Chimene ndimadanira nacho chiphuphu pa nkhani ngati izi si tchimo lokha ayi. Munthu wotuluka mwa njira imeneyo amatuluka opanda kalata, opanda kuonana ndi dokotala, ndipo sabata yamawa mudzapezekanso pakauntala yomweyo. Pempho lanu lalikulu likhale lakuti apolisi alembe kalata yomutumiza kuchipatala, apite naye okha kapena akupatseni pa belo mupite naye.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira mawa. Si kusokonekera konse kumene kuli misala. Malungo akalowa muubongo, matenda oumitsa khosi, shuga akatsika kwambiri, kapena munthu akamenyedwa m'mutu ndi gulu lija, amabwebweta chimodzimodzi. Wa khunyu naye akangodzuka kumene atagwa amatha kuchita zinthu osazindikira. Mukamupeza thupi likutentha, akusinzasinza, sakudziwa kumene ali, kapena wakomokapo m'chitolokosimo, uzani apolisi kuti uyu ndi wa lero lomwe. Ngati amamwa mankhwala a khunyu kapena ma ARV, asadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Siyani mankhwala ake kwa apolisi, muone kuti alemba.

Za mowa ndiziikira mzere pansi. Munthu amene amamwa kachasu kapena timabotolo tija tsiku ndi tsiku, akamutsekera ndiye kuti wasiya mowa mwadzidzidzi, ndipo thupi lozolowera silivomera. Tsiku loyamba amanjenjemera manja, kutuluka thukuta, kusanza, kusowa tulo. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amagwa ngati a khunyu, ena amayamba kuona njoka ndi tizilombo pakhoma n'kumakuwa. Anzake a m'chitolokosi amaseka, ena amamumenya kuti akusokosa, koma munthu akhoza kufa nazo. Onani kuti nthawi yoopsayi ikuyambira m'kati mwa maola 48 omwe aja. Uzani apolisi mosabisa kuchuluka kwa mowa umene amamwa ndi tsiku limene anamwa komaliza. Kuchipatala amamupatsa diazepam ndi mavitamini kuti adutse masiku amenewa bwinobwino. Musayese kumulowetsera kachasu m'botolo la thobwa.

Wodandaula

Apa ndi pamene milandu yambiri ing'onoing'ono imathera kapena kukulira, koma abale ambiri amapaiwala. Amathamangira kupolisi, kukhoti, kwa abusa, osapondako kwa munthu amene galasi lake lasweka. Munthuyo walakwiridwa ndithu. Matenda a mwana wanu sabweza katundu wake.

Musapite nokha, musapitenso usiku. Tengani mwini mbumba ndi nduna ya amfumu, kapena mkulu wa mpingo amene wodandaulayo amamulemekeza. Ndikukumbukira titapita kwa mayi wina wa golosale, amene mnyamata anamuphwanyira galasi la pakauntala ndi kireti ya zakumwa. Anatiyalira mphasa kuseri kwa golosaleyo, iye n'kukhala pa ndowa yovundikira, nkhope ili gwa. Atsibweni a mnyamatayo anavula chipewa.

"Amayi, tabwera kudzagwira mwendo. Mwana wathu wakulakwirani."

"Inu mumadziwa kuti ndi wodwala. Bwanji mumamusiya aziyenda pamsika? Akanandibaya ndi botolo lija, mukanadzagwira mwendo wa maliro?"

Panali zii. Ine ndinkaopa kuti atsibweni aja ayamba kudziteteza, chifukwa ndi munthu wa pakamwa. Koma anangoti, "Mwanena zoona, amayi. Pamenepo talephera ndife." Kenako anafotokoza kuti akakumba mbatata ya kachewere agulitsa matumba awiri n'kubweza galasi, ndipo za zakumwa apereka sabata yomweyo. Nduna inalemba pa pepala la m'kope, onse anasaina. Komabe mayiyo sanafewe ndi ndalamazo. Anafewa atamva kuti mnyamatayo akatuluka sabwerera pamsika, akupita kuchipatala tsiku lomwelo. Anafunsa kawiri kuti, "Mukunena zoona?" M'mawa mwake anatseka golosale n'kupita nafe kupolisi.

Wodandaula amafuna zinthu ziwiri: kubwezeredwa, ndi kutsimikiza kuti sizichitikanso. Mukayamba ndi mawu akuti "uyu ndi wamisala, simungamuimbe mlandu", mwadzitsekera khomo. Mukalonjeza zimene simungakwanitse, mwaonjeza mdani pamudzi. Ndipo dziwani kuti wodandaula akanena kuti wakhululuka, otseka fayilo ndi apolisi, kapena khoti ngati mlandu unafika kale kumeneko. Gawo 161 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu, Criminal Procedure and Evidence Code, limalola khoti kulimbikitsa kuyanjana pa milandu yaing'ono ya pakati pa anthu, monga kumenyana kosavulazana. Pa milandu ikuluikulu, monga kupha, kugwiririra, kugona ndi mwana kapena kutentha nyumba, zokambiranazi sizigwira ntchito, ndipo woyesa kuzizimitsa nkhani ndi ndalama amadzipalira mlandu wakewake.

Kalata ya kuchipatala

Pa chipatala chachikulu cha boma lililonse, kaya Dedza kaya Ntcheu, funsani kwa anamwino kapena a kiliniko oona za matenda a muubongo. Lowani naye limodzi. Wodwala amatha kudzigwira mphindi khumi pamaso pa dokotala n'kumayankha bwinobwino, ndiye mbiri yeniyeni imachokera kwa gadiyani. Fotokozani zimene munaona ndi maso, osati zimene mukuganiza. M'malo monena kuti "wapenga", nenani kuti sanagone usiku unayi, akuti wailesi ikumutchula dzina, akukana nsima yophika mlongo wake poti muli poizoni, anagawa mbewu yonse kwa anthu odutsa. Nenaninso za chamba ndi mowa. Kubisa kumangosocheretsa wokuthandizani. Ngati ndi mayi amene wangobereka kumene n'kusokonekera, tchulani zimenezo poyambirira, chifukwa ndi matenda odziwika ndipo amachizika.

Pomaliza pemphani kuti zimene apeza azilembe m'buku, ndipo ngati apolisi anapereka kalata, ayankhe pa kalatayo ndi chidindo. Akaona kuti pakufunika kugonekedwa nthawi yaitali kapena kuunikidwa mozama, amatumiza ku Zomba Mental Hospital. Kulinso a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, amene amathandiza odwala muubongo komanso ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Kwa ife a ku Dedza Lilongwe ndiye pafupi. Imbani kaye mufunse za malo ndi za malipiro musanakwere minibasi.

Kukhoti

Milandu ya kwa majisitireti imathamanga. Amawerenga mlandu, amafunsa kuti ukuvomera kapena ukukana, ndipo wovomera akhoza kulandira chilango tsiku lomwelo. Wodwala amavomera msanga, kaya chifukwa sakumva zimene zikunenedwa, kaya akungofuna kuti anthu amusiye. Choncho ntchito yanu ithe khoti lisanakhale. Fikani m'mawa kwambiri, pezani woimira boma pa mlanduwo, amene kwa majisitireti amakhala wapolisi, mumupatse kope ya buku ndi ya kalata ya dokotala. Kope ina perekani kwa kalaliki wa khoti, mumupemphe kuti woweruza adziwe zoti pali m'bale wofuna kufotokoza za matenda. M'khoti musadzuke n'kuyamba kulankhula musanaitanidwe.

Funsaninso ngati pali a paralegal. Bungwe la PASI (Paralegal Advisory Service Institute) lili ndi anthu amenewa, othandiza pa zamalamulo, amene amayendera mapolisi, makhoti ndi ndende, ndipo amadziwa chitseko choyenera kugogoda. Si maloya, koma pa nkhani ngati izi andithandizapo kwambiri. Wosowa ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma loimira anthu ovutika pa milandu.

Khoti limafunsa mafunso awiri osiyana, ndipo abale amawasokoneza. Loyamba: kodi munthuyu panopa akutha kumva mlandu wake n'kudziteteza? Woweruza akakayika, gawo 133 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu lija limamuuza kuimitsa mlandu kuti dokotala amuunike kaye. Lachiwiri: kodi pa nthawi imene ankachita chinthucho ankazindikira chimene akuchita, kapena kuti n'cholakwika? Malamulo a milandu, Penal Code, amatenga munthu aliyense kuti ndi wabwinobwino mpaka patapezeka umboni wotsutsa, ndiye kungonena pakamwa kuti amadwala sikukwanira. Munthu akhoza kukhala ndi buku la Zomba koma khoti n'kupeza kuti tsiku limene ankaba njinga ankadziwa bwinobwino.

Apa ndiikepo maganizo anga. Khoti likapeza kuti anachita chinthucho mutu usali bwino, nthawi zambiri silimuuza kuti azipita kwawo. Limamutumiza kuchipatala cha odwala muubongo, ndipo kumeneko kulibe tsiku lotulukira lolembedwa ngati la kundende. Pa mlandu waukulu njira imeneyi ndiyo yoyenera, ndipo imapulumutsa moyo wake ndi wa ena. Koma pa mlandu wa mandasi kapena galasi, ndi bwino kulimbikira kuti nkhani ithere kupolisi kapena pa kuyanjana, munthu n'kuyamba mankhwala ali kwawo.

Ngati wapezeka wolakwa, mpata ulipobe. Gawo 340 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu limanena kuti wopalamula koyamba asatumizidwe kundende pokhapokha khoti litaona kuti palibe njira ina yoyenera, ndipo lilembe zifukwa zake. Woweruza akhoza kumumasula ndi chenjezo, kumupatsa chilango choimikidwa choti akakhale kunyumba osapalamulanso kwa nthawi yakutiyakuti, kumulipitsa chindapusa, kapena kumupatsa ntchito yothandiza kudera kwawo ngati chilango chake chikanakhala chosapitirira chaka. Woweruza amafuna kuona munthu wamkulu ataimirira n'kunena kuti, "Bwana, ndimusunga ndine, ndizipita naye kuchipatala ndine, deti lake lotsatira ndi ili." Mawu oti "timusamalira" opanda dzina la womusamalirayo salemera.

Chamba ndi mowa

Pano njira ndi yopapatiza, ndisakunamizeni. Malamulo satenga kuledzera ngati chodzitetezera pa mlandu, kupatula pa zochitika zochepa kwambiri. Chamba nacho musapusitsidwe ndi nkhani yoti boma linaloleza. Lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhala ndi chilolezo. Kupezeka ndi chosuta m'thumba ukadali mlandu, ndipo palibe wodandaula woti mukamugwire mwendo, chifukwa wodandaula ndi boma.

Chotsala ndi kuonetsa khoti kuti munthuyu wayamba kale kufuna thandizo. Akatuluka pa belo, musadikire tsiku la mlandu. Pitani naye kuchipatala sabata yomweyo, alembedwe m'buku, ayambe uphungu. Ngati mwapeza malo kumene amathandiza osiya mowa ndi chamba, tengani kalata yosonyeza tsiku limene akuyamba. Ngati ali pasukulu kapena pa ntchito, kalata ya ahedi kapena ya abwana ake imathandiza. Zonsezi muzipereke pa nthawi yopempha kuti chilango chichepe. Wogwidwa ndi kandudu kamodzi ndi wogwidwa ndi matumba pa njinga yamoto khoti siliwaona mofanana, ndipo inenso sindiwaona mofanana.

Vuto lina ndi lakuti wa mowa kapena chamba amalonjeza chilichonse akakhala m'chitolokosi. Amalira, amalumbira pa manda a agogo ake. Musakhulupirire kwambiri, musanyozenso. Masiku oyamba atatuluka, mantha akadali m'mtima, ndi pamene amavomera kupita kuchipatala. Mukadikira mwezi mudzapeza wabwerera kwa anzake. Akadzagwanso m'mowa pakatha miyezi, sindiye kuti chithandizo chalephera. Ambiri amene ndawaona atasiyiratu anayamba agwa kangapo. Ndipo achinyamata ena amene timati chamba chawapengetsa amakhala kuti matenda analipo kale, chamba changowautsa. Siyani a chipatala asiyanitse.

Ngati wogwidwayo sanakwane zaka 18, nenani msinkhu wake nthawi yomweyo ndipo bweretsani umboni, kaya buku la sikelo, kalata ya ubatizo kapena ya kusukulu. Lamulo la ana la 2010 limafuna kuti mwana asasungidwe pamodzi ndi akuluakulu, kholo likhalepo pomufunsa, ndipo pa milandu yambiri apatutsidwe osadutsa m'khoti wamba. A ofesi yosamalira anthu pa boma ndi amene amayendetsa zimenezi. Ngati mlandu ndi wakupha, umapita kukhoti lalikulu, belo ya kupolisi palibe, ndipo loya ndi wofunika kuyambira tsiku loyamba. Pitani ku Legal Aid Bureau ndi buku lija, mupemphe kuti aunikidwe mutu msanga, zizindikiro zisanazilale ndi mboni zisanaiwale mmene analili.

Akalowa kundende

Zikakanika n'kupita pa limandi kapena kukagwira ukaidi, musataye mtima n'kusiya kumuyendera. Ndende zathu ndi zodzaza kuposa mmene zinamangidwira, moti mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linagamula kuti kuthithikana kumeneko kukuphwanya ufulu wa akaidi. M'chipinda chotero wodwala amene akukuwa usiku amakhala mdani wa aliyense. Kaonaneni ndi a zaumoyo a pandendepo, muwapatse kope ya buku, muwauze tsiku la jakisoni. Pa mlandu wa kwa majisitireti, malamulo amaika malire a masiku 30 oti munthu akhale pa limandi mlandu usanayambe, ngakhale boma likhoza kupempha khoti kuti lionjezere. Masiku akadutsa, uzani a paralegal. Nthawi zina oweruza amakakhalira khoti kundende komweko kuti aone milandu ya anthu okhalitsa, ndipo dzina la m'bale wanu limalowa pa mndandanda ngati pali wolikumbutsa.

Akabwera kunyumba

Chimene chimabwezera anthu m'chitolokosi ndi kusiya mankhwala. Amasiya pa zifukwa zomveka. Chlorpromazine amagonetsa ndi kupatsa njala, haloperidol amatha kuumitsa khosi ndi nsagwada, kunjenjemeretsa manja, kutulutsa dovu. Mnyamata amene akufuna kufunsira mbeta sangakonde kuyenda dovu lili chuchuchu. Musamukalipire. Bwererani naye kuchipatala mukafotokoze, chifukwa akhoza kuchepetsa mlingo, kusintha mtundu, kapena kuonjezera benzhexol, amene ambiri amawadziwa kuti Artane. Kwa woiwalaiwala kapena wobisa mapilitsi kunsi kwa lilime, funsani za jakisoni wa pamwezi. Mukapeza mankhwala atha pa chipatala, pemphani akulembereni dzina ndi mlingo mukayang'ane pa chipatala china kapena ku famase. Musamadule mapilitsi pakati kuti akhalitse, musabwerekenso a mnansi.

Sankhani munthu mmodzi wosunga buku ndi kukumbukira madeti, wachiwiri womulowa m'malo nthawi yokolola kapena ya maliro. Phunzirani zizindikiro zake zoyambirira, poti aliyense ali ndi zake. Wina amayamba ndi kusagona, wina kuseka yekha, wina kupemphera mokweza usiku wonse. Mukaziona pitani kuchipatala sabata yomweyo. Za mapemphero ndi asing'anga sindilimbana nazo, anthu amapita ndipo adzapitabe. Ndimangopempha kuti kulikonse kumene mwapita mankhwala asaime, asamangidwe pa mtengo, ndipo musalole kuti wina aloze chala gogo wa pamudzi kuti ndiye wamulodza. Kutchula munthu mfiti ndi mlandu, ndipo banja limapezeka lili ndi milandu iwiri m'malo mwa umodzi.

Ife a m'malire tili ndi chiyeso china. Msewu wa M1 ukangowoloka uli ku Mozambique, ndiye ena amaganiza zomuthawitsira kwa achibale ku Angonia mpaka nkhani izizire. Mlandu suwola. Khoti limatulutsa chikalata chomugwira, amene munamuimira pa belo mumalowa m'mavuto, wodwalayo amasiyana ndi chipatala chimene chikumudziwa, ndipo tsiku limene adzagwidwenso woweruza sadzamveranso pempho lanu. Lembani madeti a khoti kuchikuto cha buku lomwelo la kuchipatala kuti zonse zikhale pamodzi. Deti la khoti ndi la jakisoni akagwera tsiku limodzi, pitani kukhoti, koma muuziretu anamwino kuti akusinthireni tsiku lobayitsa.